Rauta ikuyaka koma masamba sakutseguka: poyambira kufufuza

Loweruka lina madzulo, mayi oyandikana nawo nyumba anagogoda pakhomo panga atakulunga laputopu m'chitenje. Mwana wawo wamkazi ankafuna kutumiza fomu yofunsira malo ku koleji, tsiku lotsekera linali Lolemba, koma tsamba lililonse limene ankatsegula linkangobweza mawu otuwa achingerezi. "Achimwene, tathandizeni," anatero mayiwo asanakhale n'komwe pansi. "Bandulo tagula kawiri, rauta tayithimitsa kambirimbiri, koma palibe chikusintha." Titapita kukaona, timagetsi tonse ta pa rauta tinali tobiriwira, ndipo mafoni a m'nyumbamo ankalandira mauthenga bwinobwino. Chimene chinavuta chinali kabatani kamodzi m'laputopumo, ndipo kukabwezeretsa kunatitengera mphindi ziwiri. Bandulo yachiwiri ija sinkafunika n'komwe.

Zimandiwawa kuona anthu akutaya ndalama chonchi, chifukwa intaneti ya m'nyumba siifa yonse nthawi imodzi. Imaduka pamalo amodzi, monga payipi ya madzi imene yatsekeka pagongono, ndipo ntchito yanu ndi kupeza malowo musanayambe kumasula chilichonse. Konzani pepala, cholembera, ndi foni ina kapena kompyuta ina yoyerekezera. Patulani theka la ola. Ndalama simulipira, kupatula data yochepa. Lamulo limodzi lokha muligwiritsitse: sinthani chinthu chimodzi, yesani, lembani zimene munachipeza chili, kenako pitani pa china. Amene amasintha zinthu zisanu nthawi imodzi sadziwa chimene chachiritsa, ndiponso sadziwa chimene chawonjezera matenda.

Zinthu ziwiri zimene zimabisala

Makina sadziwa mayina, amadziwa manambala. M'foni mwanu mukadina dzina lakuti "Amalume", foni siyiimba dzinalo ayi, imayang'ana m'kaundula mwake n'kupeza nambala, ndiye n'kuimba. Intaneti imayendanso chimodzimodzi. Mukalemba wikipedia.org, kompyuta imayamba yafunsa kaundula wina kuti nambala ya dzina limeneli ndi iti. Kaundula ameneyu ndiye amatchedwa DNS. Anamukonza Paul Mockapetris mu 1983. Izi zisanachitike, mayina a makompyuta onse olumikizana ankalembedwa m'fayilo imodzi yotchedwa HOSTS.TXT imene inkasungidwa ku Stanford Research Institute ku California, ndipo aliyense ankachita kukopera. Makompyuta atachuluka, fayilo imodzi sinathenso kukwanira. M'nyumba mwanu, foni kapena laputopu imafunsa rauta, rauta imafunsa kampani imene imakupatsani intaneti, ndipo yankho limabwera musanaphethire. Kaundulayu akasiya kuyankha, msewu umakhala uli wotseguka ndithu, koma makina anu sadziwa kolowera.

Chachiwiri ndi proxy, amene ndi mkhalapakati. Tiyerekeze kuti pakhomo panu mwakhazikitsa lamulo lakuti chilichonse cha ku golosale azikagula ndi mwana mmodzi yekha, wina aliyense ayi. Tsiku limene mwanayo wapita kumudzi, golosale ili chitsegukire, ndalama zilipo, koma mchere m'nyumba mulibe. Maofesi, masukulu ndi makoleji ambiri amagwiritsa ntchito proxy pofuna kuyang'anira zimene zikulowa ndi kutuluka. Panyumba wamba proxy safunika. Mukampeza woyatsidwa m'kompyuta ya panyumba, dziwani kuti pali amene anamuyatsa, kaya munthu kaya pulogalamu.

Yambani ndi mafunso, osati mabatani

Funso loyamba: wadwala ndani? Tengani foni ina, muyilumikize ku Wi-Fi yomweyo, mutsegule tsamba lomwelo. Ngati foniyo yatsegula, rauta ndi kampani ya intaneti zilibe mlandu, vuto lili m'makina amodzi aja. Ngati onse akukana, yang'anani kwa rauta kapena kunja. Funso lachiwiri: ndi tsamba limodzi kapena onse? Yesani masamba atatu osiyana. Ndipo onetsetsani kalembedwe ka dzina. Chilembo chimodzi chikasowa, kapena mukalemba .com pamene pamafunika .mw, kaundula amayankha kuti dzina lotero kulibe, ndipo sakunama.

Funso lachitatu ndi la kwathu kuno makamaka: bandulo imene ili mu simukadi ya mu rauta kapena mu MiFi ndi yamtundu wanji? Bandulo ya WhatsApp kapena ya Facebook yokha imalola mapulogalamu amenewo kuyenda, zina zonse n'kutsekeka. Munthu amaona mauthenga akulowa n'kumati intaneti ilipo, koma Chrome ikukana. Apa palibe chowonongeka. Onani data yotsala ndi mtundu wake musanachite china chilichonse.

Kenako werengani mawu amene ali pa sikirini, makamaka timalemba ting'onoting'ono ta m'munsi, ndipo muwakopere papepala chilembo ndi chilembo. Mu Chrome, mukaona DNS_PROBE_FINISHED_NXDOMAIN kapena ERR_NAME_NOT_RESOLVED, nkhani ndi ya mayina. Mukaona ERR_PROXY_CONNECTION_FAILED kapena ERR_TUNNEL_CONNECTION_FAILED, nkhani ndi ya mkhalapakati uja. Firefox imanena kuti "The proxy server is refusing connections". Mawu amenewa musawaope, akukulozerani kumene mupite.

Tsopano thimitsani rauta moyenera. Zulani pulagi yake pa soketi, werengani mpaka 30, bwezerani, ndipo dikirani mphindi ziwiri kapena zitatu kuti timagetsi tonse tikhazikike. Ya MiFi, ngati batire lake limachoka, lichotseni kwa kanthawi komweko. Thimitsaninso kompyuta n'kuyiyatsa. Chitani zimenezi kamodzi kokha. Zikapanda kuthandiza koyamba, kachisanu sizithandizanso.

Kumbuyo kwa rauta kuli kabowo kakang'ono kolembedwa Reset, kamene amakabaya ndi singano kapena kachitsotso. Chonde kasiyeni. Kabowo kameneka kamafufuta zonse: dzina la Wi-Fi yanu, pasiwedi, ndiponso zimene amisiri a kampani analowetsamo tsiku limene anakulumikizani. Ndaonapo banja likukhala masiku angapo opanda intaneti, kudikira mmisiri ndi kumulipirira ulendo, chifukwa cha kabowo kameneka, pamene vuto lenileni linali m'foni imodzi.

Mayeso atatu a pa zenera lakuda

Apa ndiye pali mtima wa ntchito yonse, choncho musafulumire. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Pa kompyuta ya Windows, dinani batani lokhala ndi chizindikiro cha Windows limodzi ndi chilembo R. M'kabokosi kamene katuluke lembani cmd, n'kudina Enter. Patuluka zenera lakuda. Anthu ambiri amaliopa, koma zimene tilembemo pano n'zongofunsa, siziwononga kanthu.

Lembani ipconfig n'kudina Enter. Pa mizere imene ituluke, funani iwiri pansi pa mutu wa Wi-Fi. Wina walembedwa IPv4 Address, imeneyo ndi nambala ya kompyuta yanu m'nyumbamo. Wina walembedwa Default Gateway, imeneyo ndi nambala ya rauta. Nthawi zambiri imakhala 192.168.0.1 kapena 192.168.1.1, ndipo ma MiFi ambiri a Huawei amakhala pa 192.168.8.1. Lembani zonse ziwiri papepala. Ngati nambala ya kompyuta yanu ikuyamba ndi 169.254, ndiye kuti rauta sinayipatse nambala, ndipo kompyutayo yangodzipatsa yokha. Pamenepo nkhani ya mayina sinayambe n'komwe. Uzani kompyuta kuti iyiwale Wi-Fi imeneyo, pa mawu akuti Forget, mulowetsenso pasiwedi mwatsopano. Ngati mumagwiritsa ntchito chingwe, chizuleni mbali zonse ziwiri n'kuchilowetsanso mpaka chilire kuti "tha".

Yeso loyamba: lembani ping, siyani mpata, lembani nambala ya rauta ija. Mwachitsanzo ping 192.168.1.1. Kuchita ping kuli ngati kuodira pakhomo. Kompyuta imaodira kanayi, ndipo mukaona mizere yoyamba ndi "Reply from" yokhala ndi nthawi kumapeto, ndiye kuti eni nyumba ayankha. Mukaona "Request timed out" kapena "Destination host unreachable", kompyuta ndi rauta sizikumvana, ndipo vuto lili m'kati mwa nyumba: mwatalikira kwambiri, kapena chingwe chaduka.

Yeso lachiwiri: ping 8.8.8.8. Imeneyi ndi nambala ya makina a Google amene ali kunja kwa nyumba yanu. Mwaodira ndi nambala, osati dzina, choncho kaundula uja sakukhudzidwa. Akayankha, msewu wopita kunja ndi wotseguka. Akapanda kuyankha pamene rauta inayankha, vuto lili pakati pa rauta ndi kampani: data yatha, simukadi yasuntha, netiweki yagwa, kapena bilu sinalipidwe. Pali manetiweki ena amene salola ping kudutsa, ndiye yesaninso ndi 1.1.1.1 musanagamule.

Yeso lachitatu: ping google.com. Tsopano mwaodira ndi dzina. Ngati yeso lachiwiri linatheka koma ili likubweza mawu akuti "Ping request could not find host", mwamugwira wakuba: ndi DNS. Ndipo ngati mayeso onse atatu atheka bwinobwino koma Chrome ikukanabe, kayikirani proxy, chifukwa ping sadutsa kwa mkhalapakati, pamene Chrome imadutsako. Zimenezi ndi zimene ndinapeza pa laputopu ya anansi anga aja. Mayeso atatuwa satenga mphindi zisanu, koma amakupulumutsani ku tsiku lonse longoyesayesa.

Kaundula wa mayina akavuta

Kompyuta imasunga mayankho amene inalandira posachedwa kuti isamafunse kawirikawiri. Nthawi zina imasunga yankho lolakwika, makamaka limene inalandira pamene netiweki inkadukaduka. Pa zenera lakuda lomwe lija lembani ipconfig /flushdns. Ikuuzani kuti yafufuta zimene inasunga. Tsekani Chrome yonse, muyitsegulenso, muyese. Pa foni, kuyatsa Airplane mode kwa masekondi angapo n'kuyithimitsanso kumathandiza mofananamo.

Zikakanika, funsani kaundula maso ndi maso. Lembani nslookup wikipedia.org. Mizere yoyamba ikuonetsani amene kompyuta yanu ikumufunsa, ndipo m'munsi mubwera nambala ya tsambalo, kapena mawu akuti "timed out". Kenako lembani nslookup wikipedia.org 8.8.8.8, kutanthauza kuti funso lomwelo mwakafunsa kwa Google. Ngati kaundula wanu wakhala chete koma wa Google wayankha, mwadziwa kuti wodwala ndi kaundula amene mwakhala mukumudalira.

Tsopano yang'anani nambala ya woyankha uja. Ngati si ya rauta yanu, ndipo ndi nambala yachilendo yoyamba ndi 10 kapena 172, n'kutheka kuti ndi ya ku ofesi kapena ku sukulu kumene laputopuyo inachokera. Izi zimachitika kwambiri ndi malaputopu ogula kwa munthu, kapena amene wachibale watumiza kuchokera ku Johannesburg ataigwiritsa ntchito pa kampani. Makinawo amangofunsabe kaundula amene anatsala kutali. Kuti mukonze, dinani batani la Windows ndi R, lembani ncpa.cpl. Pa chithunzi cha Wi-Fi dinani batani lakumanja la mausi, sankhani Properties, kenako Internet Protocol Version 4, kenako Properties kachiwiri. Muona magawo awiri. Lakumwamba ndi la nambala ya kompyuta, limenelo lisiyeni pa "Obtain an IP address automatically". Anthu ambiri amalakwitsa pomwepa, amalemba 8.8.8.8 m'gawo lakumwamba, ndipo intaneti imathima yonse. Lakumunsi ndiye la DNS. Mukapezamo manambala, akopereni papepala, kenako sankhani "Obtain DNS server address automatically".

Ngati linali kale pa automatically ndipo kaundula wa kampani yanu ndiye amene sakuyankha, sankhani "Use the following DNS server addresses". M'bokosi loyamba lembani 8.8.8.8, m'lachiwiri 8.8.4.4. Amenewa ndi a Google, amene anayamba kugwira ntchito mu 2009. Ena amakonda a Cloudflare a mu 2018, omwe ndi 1.1.1.1 ndi 1.0.0.1, kapena 9.9.9.9 wa Quad9 amene amakana kupereka manambala a masamba odziwika kuti ndi oba. Onsewa ndi aulere. Ngati vuto lili pa makina onse a m'nyumba, ndi bwino kusintha pa rauta penipeni: lembani nambala ya rauta mu Chrome, lowani ndi pasiwedi imene nthawi zambiri imalembedwa pa kapepala kunsi kwa rautayo, funani pamene palembedwa DNS, ndipo kopani zakale musanalembe zatsopano.

Ndinene mosabisa zimene kusintha DNS sikuchita. Sikupereka data yaulere, ndipo sikufulumizitsa vidiyo imene ikudukaduka chifukwa cha netiweki yofooka. Anyamata ena amalonjeza zimenezi n'kulandira ndalama, musawapatse. Dziwaninso kuti mukasintha, mayina achidule otsegulira rauta, monga tplinkwifi.net, akhoza kusiya kugwira ntchito, ndiye muzigwiritsa ntchito nambala ija munalemba papepala. Chachikulu koposa, musalowetse manambala a DNS amene mwangowapeza pa gulu la WhatsApp. Mwini kaundula amaona mayina onse amene mukufunsa, ndipo ngati ali wakuba, akhoza kukupatsani nambala ya tsamba labodza lofanana ndi la banki yanu.

Mafoni a Android kuyambira pa Android 9 ali ndi malo otchedwa Private DNS. Amapezeka mu Settings, pansi pa Network & internet, ndipo pa Samsung amakhala mu Connections, kenako More connection settings. Ana ambiri amalembamo dzina la kaundula wotsekereza zotsatsa malonda, ndipo likalembedwa molakwika kapena kaundulayo akafa, foni yonse imasiya kutsegula chilichonse, kaya pa Wi-Fi kaya pa data. Foni ikamanena kuti "Private DNS server cannot be accessed", pitani pamenepo musankhe Automatic. Pa iPhone, lowani mu Settings, Wi-Fi, dinani kachilembo i pafupi ndi dzina la Wi-Fi yanu, ndipo pa Configure DNS pakhale Automatic.

Nanga tsamba limodzi lokha likamakana, pa kompyuta imodzi yokha, pamene pa foni likutseguka? Fayilo ya ku Stanford ija inasiya mdzukulu m'kompyuta iliyonse, dzina lake hosts, ndipo kompyuta imayamba yawerenga iyeyu isanafunse DNS. Pa Windows ili pa C:\Windows\System32\drivers\etc\hosts, ndipo pa Linux ndi Mac ili pa /etc/hosts. Tsegulani Notepad mwa kudina batani lakumanja n'kusankha "Run as administrator", kenako mutsegule fayiloyo kuchokera m'menemo. Ikapanda kuoneka, sinthani pamunsi kuti pakhale All Files. Mizere yoyamba ndi chizindikiro cha # ilibe ntchito, ndi ndemanga chabe. Mukapeza mzere wokhala ndi 127.0.0.1 kapena 0.0.0.0 motsatizana ndi dzina la tsamba limene likukanalo, ndi umenewo ukutsekereza. Mapulogalamu okopera mwakuba amakonda kulemba mizere yotereyi. Musaufufute, ingoikani # kumayambiriro kwake n'kusunga, kuti ngati mwalakwitsa mubwezeretse mosavuta.

Mkhalapakati amene anachoka osatsanzika

Tibwerere kwa anansi anga. Batire la laputopu yawo linafa kalekale, ndiye imagwira ntchito ili pa soketi basi. Mchimwene wake wa mtsikana uja anaikamo pulogalamu ya VPN, imodzi mwa zimene achinyamata amauzana kuti zimapereka intaneti yaulere. Mapulogalamu ena otere akayaka amauza Windows kuti zonse zizidutsa kwa iwo, ndipo akatsekedwa bwino amabweza zinthu m'malo mwake. Koma Lachisanu usiku magetsi anazima pulogalamuyo ili m'kati mogwira ntchito, laputopu n'kuthima pomwepo. Itayakanso, lamulo lija linatsala, koma wolitsatira kunalibe. Nditatsegula ndinapeza pa adiresi ya proxy palembedwa 127.0.0.1. Nambala imeneyi pa kompyuta iliyonse imatanthauza "ine ndemwe". Laputopuyo inkatumiza chilichonse kwa iyo yokha, pa khomo limene panalibe woyankha.

Pa Windows 10 ndi 11, lowani mu Settings, kenako Network & Internet, kenako Proxy. Muona zinthu zitatu. "Use a proxy server" ikhale Off. "Use setup script" ikhalenso Off, pokhapokha ngati ndi ya ku ntchito. "Automatically detect settings" mukhoza kuisiya On, koma ngati Chrome imachedwa kwambiri kuyamba kutsegula tsamba loyamba, yesani kuithimitsa. Pa Windows yakale, njira ndi Control Panel, Internet Options, Connections, kenako LAN settings, ndipo muchotse chochonga pa bokosi la proxy. Musanathimitse, jambulani sikirini ndi foni. Chrome ndi Edge zimatsatira zimene Windows yanena, koma Firefox ili ndi malo akeake: mu Settings funani Network Settings, musankhe "No proxy" kapena "Use system proxy settings". N'chifukwa chake nthawi zina Firefox imatsegula pamene Chrome ikukana, kapena Chrome kutsegula Firefox ikukana, ndipo kusiyana kumeneko ndi chizindikiro chakuti nkhani ikhoza kukhala ya proxy.

Pali khomo lina lobisika limene Windows imagwiritsa ntchito pa zinthu zake monga Windows Update. Ngati masamba ayamba kutseguka koma kompyuta ikulephera kulandira zatsopano, tsegulani cmd ndi "Run as administrator", mulembe netsh winhttp show proxy. Yankho labwino ndi "Direct access (no proxy server)". Mukaona adiresi ina, lembani netsh winhttp reset proxy.

Mafoni nawonso ali ndi malo awiri. Loyamba lili pa Wi-Fi iliyonse payokha. Pa Android, tsegulani zosintha za Wi-Fi imene mwalumikizako, pitani pa Advanced options, ndipo pa Proxy pakhale None. Pa iPhone ndi pa kachilembo i komwe kaja, m'munsi pa Configure Proxy, pakhale Off. Lachiwiri ndi la data ya simukadi, pamalo otchedwa Access Point Names. Amene anayesapo njira za intaneti yaulere amasiya manambala pa mizere ya Proxy ndi Port. Mizere imeneyi iyenera kukhala yopanda kanthu. Njira yachidule ndi kudina timadontho titatu ta pamwamba n'kusankha "Reset to default".

Chenjerani ndi proxy amene amabwerera yekha. Mukamuthimitsa, n'kuyatsanso kompyuta n'kumupeza wayakanso, ndiye kuti pali pulogalamu imene ikumuyatsa. Chotsani VPN iliyonse imene simukuigwiritsa ntchito. Mu Chrome lowani pa Extensions muchotse zonse zimene simukuzidziwa. Kenako tsegulani Windows Security muyendetse Full scan, imene ingatenge ola limodzi kapena kupitirira, ndiye yambani pamene muli ndi chikhulupiriro kuti magetsi akhalapo. Ngati adiresi imene munapeza sinali 127.0.0.1 koma ya kwina kosadziwika, sinthani mapasiwedi a imelo, a banki ndi a Facebook, ndipo muwasinthire pa makina ena, osati omwewo. Mkhalapakati wosamudziwa si munthu womudutsitsira zinsinsi za m'nyumba.

Laputopu ya ku ntchito ndi nkhani ina. Ngati mabatani a proxy ali otuwa osadinika, ndi ofesi imene inawatseka dala. Musalimbane nawo, ndipo musapite nayo kwa mmisiri wa pamsika kuti akathyole. Imbirani amene amayang'anira makompyuta ku ntchito kwanu. Ngati ndi odinika ndipo mwathimitsa kuti mugwire ntchito panyumba, kumbukirani kubwezeretsa Lolemba m'mawa, apo ayi ku ofesi ikakukaniraninso. Chithunzi chimene munajambula chija ndi pamene chimathandiza.

Tizinthu tiwiri tina tofanana ndi matendawa

Pulinta kapena kompyuta ina ya m'nyumba imatha kusowa magetsi akazima n'kuyakanso. Chimachitika n'chakuti rauta imagawa manambala mwatsopano, ndipo pulinta imene dzulo inali pa 192.168.1.5 lero ili pa 192.168.1.9, pamene laputopu ikuifunabe pakale. Mu rauta funani Address Reservation kapena DHCP Reservation, mupatse pulintayo nambala yosasintha. Onaninso kuti makina onse ali pa Wi-Fi imodzi, chifukwa Wi-Fi ya alendo, ya Guest, inapangidwa dala kuti makina ake asamaonane ndi a eni nyumba.

China ndi wotchi. Kompyuta ikamaonetsa chaka cholakwika, masamba ambiri amakana ndi mawu akuti NET::ERR_CERT_DATE_INVALID. Konzani tsiku ndi nthawi. Ngati imasokonezekanso nthawi iliyonse mukaichotsa pa magetsi, kabatire kozungulira ka m'kati katha. Pa makompyuta a patebulo nthawi zambiri ndi ka CR2032, kamapezeka kwa okonza mawotchi pa mtengo wochepa, ndipo kusintha kwake ndi kwa mphindi zosakwana khumi.

Vuto likakhala la kunja

Pa 4 Okutobala 2021, Facebook, WhatsApp ndi Instagram zinasowa padziko lonse kwa maola pafupifupi 6. Kulakwitsa kwa mkati mwa kampaniyo kunachititsa kuti makina ake oyankha mayina asafikirike, ndipo palibe chimene munthu akanachita pa rauta yake. Mu Meyi 2024, zingwe ziwiri za pansi pa nyanja, EASSy ndi Seacom, zinaduka kufupi ndi gombe la South Africa, ndipo intaneti inafooka m'maiko angapo a kum'mawa kwa Africa, kuphatikizapo Malawi. Masiku ngati amenewa, amene amamasula zinthu m'nyumba amadzivutitsa pachabe, ndipo netiweki ikabwerera amapeza kuti asokoneza zimene zinali bwino. Funsani mnansi amene ali pa kampani yomweyo, funsaninso wina wa kampani ina. Mphindi imodzi ya pampanda imayankha zambiri.

Ngati mwayesa zonsezi ndipo kompyuta imodzi ikukanabe, chotsiriza ndi Network reset, imene ili mu Network & Internet, ndipo pa Windows 11 ili pansi pa Advanced network settings. Imayiwalitsa ma Wi-Fi onse ndi mapasiwedi ake, ndiye onetsetsani kuti pasiwedi ya panyumba mwailemba musanadine. Kompyuta ithima yokha pakapita mphindi zisanu n'kuyakanso.

Ngati makina onse akukana ndipo yeso lachiwiri lija likulephera data ilipo, imbirani kampani yanu muli ndi pepala lija m'manja. Musangoti intaneti sikugwira, chifukwa adzakuuzani kuti muthimitse rauta n'kuyatsanso, zimene mwachita kale. Auzeni kuti rauta ikuyankha ping, koma 8.8.8.8 sikuyankha, kapena kuti 8.8.8.8 ikuyankha koma mayina sakupezeka, ndipo muwawerengere mawu a pa sikirini ndi mtundu wa kagetsi kalikonse ka pa rauta. Pemphani nambala ya dandaulo lanu muilembe papepala lomwelo. Mmisiri akabwera, khalani pambali pake, ndipo chilichonse chimene wasintha mumupemphe kuti akulembereni. Pepalalo lipindeni, mulimate ndi selotepi kunsi kwa rauta, pafupi ndi kapepala ka pasiwedi.